Chikho chija chidachokera pa benchi

Ngati foni yanu imakonda kukubweretserani tikanema ta masewero, dzina la Caitlin Clark mudalimvapo. Ndi mtsikana uja amaponya mpira ali chapakati pa bwalo, mpirawo n'kulowa mu ringi ngati wachita kuuika ndi dzanja. Mu 2024 tikanema take tidazungulira dziko lonse, moti anthu amene sadaonerepo basketball ya amayi chibadwire adayamba kuifunsa chifukwa cha iye.

Koma tandiuzani, chaka chimenecho chikho adatenga ndani?

Apa ambiri amakanda m'mutu. Chikho chidapita ku timu ya yunivesite ya South Carolina, imene amaitcha Gamecocks. Timuyi idasewera magemu 38 m'sizoni ya 2023/24 ndipo idapambana onse 38. Gemu yomaliza idali pa 7 Epulo 2024 mumzinda wa Cleveland, nthawi ya kuno ili 9 koloko usiku, pomwe idagonjetsa Iowa, timu ya Clark, ndi mapointi 87 kwa 75.

M'kati mwa 87 kwa 75 ameneyu muli manambala ena amene sapezeka m'tikanema. Osewera asanu amene adayamba gemu ku Iowa adagoletsa mapointi 75, kutanthauza onse. Asanu amene adayamba ku South Carolina adagoletsa 50 okha. Kukadakhala kuti basketball ndi ya anthu asanuasanu basi, Iowa ikadapambana ndi mapointi 25, anthu n'kumapita kokagona. Kungoti kudali benchi. Olowa m'malo a South Carolina adagoletsa 37. A Iowa sadagoletse ngakhale imodzi.

Ine maganizo anga ndi akuti 37 kwa 0 ameneyu ndiye nkhani yeniyeni ya sizoni imeneyo, ndipo ife amene timaonera masewero kudzera m'tikanema ta masekondi 30 tikuphonya chinthu chachikulu. Kakanema kamationetsa munthu mmodzi. Chikho chimafuna anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo ayenera kuvomera kukhala pansi pamene akudziwa kuti kwina akadakhala mabwana.

Kuti timvane bwino, ndifotokoze kaye momwe zimayendera kumeneko. Ku America mayunivesite amapikisana pansi pa bungwe la NCAA. Sizoni imayamba mu Novembala, ndipo ikafika Marichi amasankha matimu oti alowe m'ndime ya chipulula (mu 2024 adali 68), ukagonja kamodzi wanyamula zikwama. Gemu imakhala ndi zigawo zinayi za mphindi 10. Mosiyana ndi mpira wamiyendo, kuno kochi amasintha osewera mmene angafunire, ndipo wotuluka atha kulowanso. Choncho timu imene ili ndi osewera asanu ndi anayi odalirika imathamanga mphindi zonse 40 ndi miyendo yatsopano, pamene timu yodalira asanu imafika kumapeto malilime ali panja.

Nanga South Carolina idafika bwanji pamenepa? Chaka cham'mbuyo mwake timuyi idali yoopsa kwambiri. Idali ndi chikho cha 2022 m'manja, idali ndi Aliyah Boston, ndipo idalowa m'semifayinolo ya 2023 itapambana magemu 36 popanda kugonja. Pa 31 Marichi 2023 ku Dallas idakumana ndi Iowa yomweyi. Clark adagoletsa mapointi 41, South Carolina idagwa 77 kwa 73. Kenako osewera onse asanu oyamba adamaliza nthawi yawo pasukulu n'kuchoka. Boston adasankhidwa woyamba kulowa mu ligi ya akatswiri ya WNBA, n'kupita ku Indiana Fever.

Taganizirani timu imene mumaisapota itataya osewera ake onse oyamba tsiku limodzi. Aliyense akadamvetsa ikadakhala chaka chimodzi kapena ziwiri ikungodzikoka. Atolankhani a kumeneko, pa mndandanda wawo wa sizoni isanayambe, adaiika pa nambala 6. Mphunzitsi wa timuyi, mayi Dawn Staley, ankaseka okha kuti akuyendetsa sukulu ya mkaka, poona chibwana ndi phokoso la atsikana amene adatsala.

Amene adatsalawo ambiri adali a pa benchi a chaka chatha. Tiyambe ndi Kamilla Cardoso. Mtsikanayu ndi wa ku Montes Claros m'dziko la Brazil, wamtali mamita awiri ndi kakusefukira. Adachoka kwawo ali wamng'ono kupita kusukulu ya sekondale ku Tennessee, Chingerezi asakuchidziwa bwino. Adasewera chaka chimodzi ku Syracuse komwe ankayamba magemu, kenako mu 2021 adasamukira ku South Carolina. Kumeneko adapeza Boston pamalo ake. Zaka ziwiri zathunthu Cardoso ankalowa kuchokera pa benchi. Munthu amene pafupifupi yunivesite iliyonse ikadamulandira ndi manja awiri, zaka ziwiri akudikira kuti mnzake atope.

Masiku ano kudikira kotere n'kosowa. Kuyambira 2021 malamulo a NCAA amalola wosewera kusamukira ku yunivesite ina n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo, ndipo chaka chomwecho osewera adaloledwa kupanga ndalama kudzera m'dzina ndi nkhope zawo, monga kutsatsa malonda. Ndiye kuti mphindi zimene uli m'bwalo ndi ndalama. Ukakhala pa benchi kamera sikuona, makampani sakuona, otsatira pa Instagram sachuluka. Chitseko chotulukira chili chotsegula usana ndi usiku. Cardoso sadatuluke. Itafika nthawi yake adatsogolera timu pa mapointi, ndipo mu fayinolo adagoletsa 15 n'kutola ma rebound 17, ija mipira imene yalephera kulowa mu ringi n'kubwerera. Adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ndime zomalizazo, ndipo patangotha sabata imodzi Chicago Sky idamutenga pa nambala 3 kulowa mu WNBA. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu, ndipo apa zidaoneka ndi maso.

Wina ndi Raven Johnson, ndipo nkhani yake iyenera kutikhudza ife a pa intaneti. M'gemu ya ku Dallas ija, Raven adali ndi mpira kunja kwa mzere wa mapointi atatu, Clark n'kungomukupiza dzanja osamuyandikira, ngati kunena kuti ameneyu musiyeni, sangagoletse. Kakanema kameneko kadafalikira paliponse. Anthu adaseka, adalemba zawozawo, ena mwina ndi inu nomwe mudakatumiza pa gulu. Raven adanena yekha pambuyo pake kuti gemuyo adaionera mobwerezabwereza ndipo zidamupweteka kwambiri. Adabwerera m'bwalo lophunzirira n'kumaponya, kumaponya, kumaponya. Sizoni yotsatira, m'ndime ya matimu 16, Indiana idatsala pang'ono kubweza mapointi 22 amene idatsalira. Kusiyana kutafika pa mapointi awiri okha, nthawi itatsala yosakwana mphindi imodzi, amene adaponya mpira wa mapointi atatu wopulumutsa sizoni adali Raven yemwe uja ankamukupiza dzanja. South Carolina idapambana 79 kwa 75.

Koma ntchito yake yaikulu adaigwira mu fayinolo, ndipo ndi ntchito yosajambulika bwino. Iowa idayamba ngati moto wolusa, 10 kwa 0. Clark adagoletsa mapointi 18 m'chigawo choyamba chokha, ndipo chigawocho chidatha Iowa ikutsogola 27 kwa 20. Apa mayi Staley adapatsa Raven ntchito imodzi: kumumaka Clark. M'zigawo zitatu zotsala Clark adangowonjezera 12. Kutatsala masekondi ochepa kuti apite kokapuma, Raven adamulanda mpira Clark pakati pa bwalo n'kukagoletsa, South Carolina n'kupita kokapuma ikutsogola 49 kwa 46. Mukayang'ana pepala la zigoli, Raven adagoletsa mapointi atatu okha usiku umenewo, ndipo mwa mipira 11 imene adaponya udalowa umodzi. Wongoona manambala pa foni anganene kuti adasewera zopanda pake. Amene adaonera gemu yonse amadziwa kuti popanda iye chikho chikadakwera basi ya ku Iowa.

Nanga amene adagoletsa mapointi ambiri ku South Carolina usiku umenewo? Tessa Johnson, wa chaka choyamba, wochokera ku Minnesota, amene sizoni yonse ankagoletsa mapointi osafika 10 pa gemu. Adalowa kuchokera pa benchi n'kugoletsa 19. MiLaysia Fulwiley adawonjezera 9, Sania Feagin 6, Ashlyn Watkins 3. Ndiwo 37 aja. Pa ma rebound South Carolina idatola 51, Iowa 29. Iowa idayesetsa, idafika pa 80 kwa 75 kutatsala mphindi zinayi, koma kuchokera pamenepo sidagoletsenso. Miyendo idali itatha.

Zimenezi sizidachitike mwangozi usiku umodzi. Sizoni yonse padalibe wosewera wa South Carolina amene ankafika mapointi 15 pa gemu tikawerengera pakati. Lero wakuphani ndi Te-Hina Paopao, amene adachokera ku Oregon kudzathetsa vuto la kuponya patali lomwe lidawagwetsa ku Dallas. Mawa ndi Chloe Kitts, mkuja ndi Bree Hall. Mu Febuluwale Cardoso adapita kukasewerera dziko lake la Brazil, timu n'kukumana ndi UConn iye kulibe, n'kupambanabe 83 kwa 65. Kochi wa timu ina akamakonzekera Iowa ankadziwa munthu woti amutseke, ngakhale kumutsekako kudali kovuta. Akamakonzekera South Carolina, atseke ndani?

Musaganize kuti zonse zidali myaa. Pa 9 Marichi 2024, m'semifayinolo ya chikho cha chigawo chawo cha SEC, Tennessee idali ikutsogola ndi mapointi awiri kutatsala kamphindi kosakwana masekondi awiri. Palibe amene adavutika kumumaka Cardoso kunja kwa mzere, chifukwa adali asanagoletsepo mpira wa mapointi atatu chiyambire ku yunivesite. Adaponya, mpira udagunda bolodi n'kulowa, 74 kwa 73. Mawa lake, pa fayinolo ndi LSU, kudabuka ndewu, Cardoso adakankha mnzake mpaka kugwa pansi, adatulutsidwa ndipo adaletsedwa gemu yoyamba ya chipulula. Anali atsikana, okhala ndi mitima yawo ndi zofooka zawo. Kusagonja kwawo kudali ndi mwayi mkati, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo.

Tsopano ndikudziwa zomwe ena mukunena. Mukuti: iwe, ukutamanda benchi, koma popanda Clark ukadaidziwa South Carolina imeneyi? Funsoli ndi lomveka ndipo manambala ali kumbali yanu. Fayinolo ya 2024 idaoneredwa ndi anthu pafupifupi 18.9 miliyoni ku America, kuposa fayinolo ya amuna imene idaoneredwa ndi 14.8 miliyoni, chinthu chomwe chidali chisanachitikepo. Chaka chotsatira, Clark atapita ku WNBA, fayinolo ya South Carolina ndi UConn idakoka anthu osafika 9 miliyoni. Mu Okutobala 2023 Iowa idasewera gemu yapaubale pabwalo la panja la Kinnick, anthu 55,646 n'kubwera kudzaonera. Pa 3 Marichi 2024 Clark adaposa mapointi 3,667 a Pete Maravich, rekodi imene idakhala chiyambire 1970, ndipo adamaliza ndi 3,951. Ngakhale mayi Staley, ali pa nsanja chikho chili pambali, adathokoza Clark pamaso pa dziko lonse chifukwa chokweza masewerowa.

Zonsezi ndikuzivomereza. Katswiri amabweretsa anthu pageti, ndipo ndalama za pageti ndi za pa TV n'zimene zimalipirira basi, chakudya ndi madokotala a timu. Tisaiwale kuti mu 2021 momwemu wosewera wa Oregon, Sedona Prince, adajambula kakanema koonetsa kuti amayi pa mpikisano wa NCAA adapatsidwa kamulu kamodzi ka zitsulo zolimbitsira thupi pamene amuna adali ndi chipinda chodzaza. Kakanemako kadachititsa manyazi akuluakulu mpaka zinthu zidayamba kusintha. Choncho sindikunyoza tikanema kapena akatswiri. Masewero a amayi amawafuna.

Koma taonani izi. Clark adafika fayinolo kawiri, mu 2023 ndi mu 2024, ndipo kawiri konse adabwerako chimanjamanja. Woponya mpira wabwino kuposa onse m'mbiri ya NCAA adachoka ku yunivesite alibe chikho cha dziko. Sikuti adalephera. Adanyamula timu yake kufika pomwe mutu umodzi ungafikitse denga. Ndipo gulu la anthu limene limabwera chifukwa cha munthu mmodzi limachokanso naye. Gulu la ku South Carolina ndi lamtundu wina. Mayi Staley atafika mu 2008 sizoni yawo yoyamba adapambana magemu 10 n'kugonja 18, mipando ya bwalo lawo lokwana anthu 18,000 ili mbee. Adamanga pang'onopang'ono, ndipo kuyambira sizoni ya 2014/15 timuyi yakhala ikutsogola dziko lonse pa chiwerengero cha anthu obwera kudzaonera. A'ja Wilson adabwera, adawina chikho cha 2017, adapita, anthu adatsala. Boston adabwera, adawina cha 2022, adapita, anthu adatsala. Amabwerera timu.

Chitsutso chachiwiri ndi chakuthwa kuposa choyamba. Wina anganene kuti kulalikira za benchi n'kophweka ukakhala kuti si iwe wakhalapo. Nanga mtsikana amene luso lake likuwola atakhala pansi? Pali chitsanzo m'timu momwemu. Fulwiley, mwana wa mumzinda wa Columbia momwe muli yunivesiteyi, pa gemu yake yoyamba ku Paris mu Novembala 2023 adazungulitsa mpira kumsana n'kugoletsa mwa njira imene idachititsa Magic Johnson kulemba za iye pa intaneti. Patangotha milungu itatu, pa gemu ndi North Carolina, mayi Staley adamuseweretsa mphindi zitatu zokha chifukwa sankatchinga bwino. Adapirira, adagoletsa 24 pa fayinolo ya SEC n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Koma atakhala zaka ziwiri akulowabe kuchokera pa benchi, mu 2025 adasamukira ku LSU.

Ine sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Moyo wa wosewera ndi waufupi, bondo likhoza kuthyoka mawa. Benchi siyabwino payokha, ndipo pali makochi amene amaigwiritsa ntchito ngati ndende kapena chilango kwa amene sawakonda. Benchi ya South Carolina idali yosiyana chifukwa idali yamoyo. Olowa m'malo ankalowa gemu ikadali yotentha, osati kudikira kuti timu itsogole ndi 30 kenako awaponyere nyenyeswa. Tessa Johnson adatha kugoletsa 19 pamaso pa anthu mamiliyoni chifukwa kuyambira Novembala ankapatsidwa mpata wolakwitsa ndi kuphunzira. Udindo waukulu pankhaniyi uli kwa wogawa mphindi. Ukamauza anthu kuti adikire, uyenera kukhala munthu amene mawu ake amakwaniritsidwa. Mayi Staley adasewerapo okha, ali ndi mendulo zitatu za golide za Olympics, za 1996, 2000 ndi 2004, ndipo atsikana awo adaona ndi maso kuti amene adadikira dzana, lero akusewera.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndi momwe foni yatiphunzitsira kuweruza. Timaona kakanema, timaona manambala awiri, basi tagamula kuti uyu ndi dolo, uyu ndi mbola. Raven tidamugamula mu 2023 ndi masekondi asanu. Mu 2024 tikadamugamulanso ndi 1 mwa 11. Kawiri konse chigamulo chikadakhala cholakwika. Ndipo chizolowezichi sichithera pa masewero. Timayamba kudziyeza tokha ndi sikelo yomweyo, kuti ngati dzina langa silikutchulidwa ndiye kuti ntchito yanga ilibe phindu, ngati sindinayambe gemu ndiye kuti ndanyozedwa. Ndi angati mwa ife amene tingavomere kukhala Cardoso wa 2022, wamtali kuposa onse m'chipinda koma wodikira? Ndi angati tingavomere ntchito ya Raven, kuthamanga mphindi 30 kumbuyo kwa munthu amene kamera zonse zikumulondola, podziwa kuti tikachita bwino nkhani idzakhala yakuti katswiri sadali pa fomu?

Sindikuti njira ya South Carolina imapambana chaka chilichonse. Mu 2025 idafikanso fayinolo n'kukwapulidwa ndi UConn 82 kwa 59. Koma timu imene idataya osewera asanu oyamba n'kupambana magemu 38, kenako n'kutaya Cardoso n'kufikanso fayinolo, yatisonyeza kuti mphamvu zake sizili m'thumba la munthu mmodzi. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Tsiku limene bandulo yakulolani, onerani gemu yonse, ya timu iliyonse, ndipo kwa mphindi zisanu musayang'ane amene ali ndi mpira. Yang'anani amene akutchinga, amene akutsekera mnzake njira, amene wangolowa kumene mnzake akupukuta thukuta. Mudzaona masewero ena amene simunawaonepo.

Ku basketball ya mayunivesite kuli mwambo wakuti timu ikatenga chikho amaimika makwerero pansi pa ringi, wosewera aliyense n'kukwera ndi sizasi kukadula kachingwe ka neti. Amakwera onse, wa mphindi 35 ndi wa mphindi ziwiri. Mu 2015 Carolyn Peck, mayi woyamba wachikuda kuwina chikhochi ngati kochi, ku Purdue mu 1999, adapatsa mayi Staley kachidutswa ka neti yake kuti asunge mpaka atapeza yawo. Adaipeza mu 2017. Mu 2021 adaidula tizidutswa n'kutumizira amayi achikuda pafupifupi 70 amene ankaphunzitsa matimu a mayunivesite akuluakulu, ambiri mwa iwo opikisana nawo. Munthu amene amagawa neti yake chonchi, n'zosadabwitsa kuti amadziwanso kugawa mphindi 40.